Kumene Ndinakwirira Mchombo wa Temwa

Bwerani kuno ana inu, bwerani ndi madengu anuwo. Lusungu, sendeza lichero. Vitumbiko, manja azitong'ola chimanga, makutu akhale kwa ine, foniyo ilowe m'thumba. Lero ndiyankhula, ndiyankhula mpaka malovu aume.

Ndamva ine. Musayese makutu anga anatsalira m'ndege. Ndamva zimene mumanong'onezana kuseri kwa nkhokwe, ndamvanso zimene amayi anzanga akutchalitchi akutafuna pamjigo. Ati NyaBanda anachoka pa Katowo akudziguguda pamtima kuti akabwera nawo mchombo wa mdzukulu wake, taonani wabwera chimanjamanja. Ena ati makina a pabwalo la ndege anamulanda. Ena ati anauiwala m'thumba la jekete yobwereka. Wina, ndikumudziwa ndi dzina lomwe, ati galu wa azungu anadya. Galu! Ine NyaBanda, amene ndasunga mbewu ya nyemba ya apongozi anga kuyambira ndili mtsikana osadyetsa anankafumbwe, ndingalephere kusunga kanthu kochepa ngati njere ya mtedza?

Paja inu amakono muyenera kuuzidwa zonse ngati alendo. Mchombo wa khanda ukauma n'kugwa sutayidwa ngati khoko la nthochi. Umakwiriridwa pakhomo, kuti mwana akakula, apite kutali chotani, miyendo izidziwa kobwerera. Wako Lusungu uli pansi pa mango awo. Wa Vitumbiko uli kuseri kwa khola, n'chifukwa chake amakangana ndi sopo. Ndiye azakhali anu a Tiwonge, namwino uja anakwatiwa ndi mzungu ku Ayalandi, ataimba foni kuti, "Amama bwerani, masiku anga ayandikira," ndinanena pamaso pa anthu kuti mwana abadwire uko, koma mchombo wake ubwera kuno.

Ndinapita ine, ndinapita,
wa pikapu ya fumbi ndinauluka,
mitambo pansi, NyaBanda pamwamba!

Kale ulendo wa ku boma ku Rumphi tinkauyenda pangolo ndi malemu agogo anu aamuna, mbatata yootcha m'mpango, kufika ng'ombe zikutuluka thovu. Uku anandimanga lamba pampando, kundipatsa chakudya m'timbale ta masanje, n'kukanditula m'dziko lozizira kuposa pamwamba pa Nyika mu Juni, iwo ati ndi Januwale.

Mwana anabadwa ndisanathe sabata, wamkazi. Tsiku lina tikumusambitsa, mchombo unagwera pathawulo. Azakhali anu ophunzirawo anautola ndi kapepala, ulendo wa kubini.

"Tiwonge, dzanja limenelo libwerere kumene lachokera."

"Amama, kuno zimenezi sitisunga."

"Wako ndinasunga, n'chifukwa chake ukudziwabe nambala yanga ya foni."

Anaseka n'kundipatsa, kuyesa kuti ndikautaya ndekha. Ndinaukulunga m'kansalu, kansalu m'kabokosi ka machesi, kabokosi pachifuwa apa. Tikiti yanga yobwerera inali ya Disembala. Ndinati chabwino, chaka chonse ndiliyang'ana dziko limeneli ndi maso onse awiri, koma kabokosi aka kadzakwera nane ndege.

Choyamba kunabwera chimphepo. Mwana wathu anali asanapatsidwe dzina, makolo ake akukanganabe, koma wailesi ikulengeza mphepo ndi dzina lake, dzina la munthu, ngati kukubwera nduna. Dziko lopatsa mphepo dzina khanda lili lopanda dzina! Ndinawauza kuti mukachedwa ndimutcha ndine, ndipo ndinamutchadi: Temwa. Anthu onse anathamangira kusitolo kukalimbirana buledi. Mitengo inagwa, magetsi anazima masiku angapo, ndipo anthu amene ndinkayesa amadziwa zonse anangokhala ndwii kuyang'ana ketulo yakufa.

Tinathawira kumudzi kwa makolo a mkamwini wanga Dekilani, pafamu ya nkhosa ndi mipanda ya miyala. Kumeneko ndinakumana ndi asewere anga aNola, mayi wamfupi wa tsitsi loyera mbuu, ndi amuna awo aMaiko, aatali ngati bulugamu. Mukudziwa chimene amasonkha pamoto? Dothi! Amakumba dothi lakuda m'dambo, kuliyanika, n'kumaliotcha.

"Tiwonge, uwauze kuti kwathu dothi timalima, sitiotcha."

AMaiko anaseka mpaka kutsokomola. "Ati musendere pafupi, amama," Tiwonge anamasulira, "muothe mundawo usanathe."

Magetsi atayaka tinabwerera kunyumba kwa Tiwonge m'katauni, koma kufamu tinkapitako kawirikawiri. Chizungu changa ndi cha moni ndi zikomo. Chichewa cha aNola panalibe. Tinkacheza ndi manja ndi tiyi. Tiyi wa anthu amenewo, ana inu! Ukakana amathira, ukavomera amathira, ukayang'ana kumbali amathiranso. Mu Febuluwale dziko lonse linapumula chifukwa cha mayi wina woyera mtima wa kalekale, n'kumaluka timitanda ta udzu wa m'dambo topachika pachitseko. ANola anandionetsa kamodzi kokha. Ine woluka mikeka kuyambira ndisanathe msinkhu, ndinamaliza khumi iwo akulimbana ndi kachitatu. Ndinaimba nthungululu m'khitchini mwa eni ake, mphaka n'kutulukira pawindo.

Mu Malichi ndiye ndinagwira pakamwa. Tsiku lawo lalikulu, tsiku la dziko. Aliyense wavala zobiriwira, makanda obiriwira, agalu obiriwira, mathirakitala akuguba pamsewu ngati asilikali. Ndinafunsa kuti atsogoleri ali kuti, tiwaone. Ati onse akwera ndege, aliyense dziko lake, ndipo wamkulu wapita kwa mtsogoleri wa ku Amereka atanyamula mbale ya timasamba tomera patchire. Mwini phwando kuthawa phwando lake, mphatso yake udzu m'mbale! Ngakhale nkhuku imodzi analibe? Anandiuzanso kuti woyera mtima amene amamukumbukira tsiku limenelo anathamangitsa njoka zonse m'dzikomo. Ndinati eya, ndadziwa kumene anazithamangitsira. Zili kwathu kudambo la Vwaza, zonenepa bwino, atumize munthu adzatenge.

Mwezi womwewo usanathe boma linalamula kuti mawotchi onse akankhidwe ndi ola limodzi. Ola la Mulungu, boma n'kuliba anthu akuona, n'kudzalibweza mu Okutobala ngati poto wobwereka. Ine ndinapitiriza kudzuka nthawi ya tambala wa ku Katowo, amene ndinamunyamula m'mutu.

Zonsezo zinali zoseketsa. Tsopano Lusungu siya kuseka, izi zinandiwotcha.

Dzuwa litayamba kufunda, pa kanema tinkaona anthu akuguba m'mizinda ndi mbendera. Ena ati alendo achuluka, nyumba zasowa, achoke. Ena ati alendo akhale. Dziko lonse linali pa nkhani imeneyo, pawailesi, m'basi, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Ine ndinkati n'za kumizinda ikuluikulu. Tsiku lina masana ndinabereka Temwa ndi chitenje changa cha maluwa, kupita kukagula mkaka. Pa siteji ya basi bambo wina, wamkulu ndithu, wa imvi zake, anaima patsogolo panga n'kuyamba kukuwa. Mawu sindinawamve onse, koma chala ndinachimva. Chinaloza ine, chinaloza mwana kumsana, chinaloza kumsewu wa ku bwalo la ndege.

Ndinamuyankha m'Chichewa. Chichewa chitandithera ndinalowa m'Chitumbuka cha apongozi anga, chija chokalipira mbuzi zolowa m'munda. Anthu ena pa sitejipo anangoyang'ana nsapato zawo. Mtsikana mmodzi yekha ndiye anabwera n'kuima pambali panga mpaka bamboyo anachoka.

Kunyumba ndinafotokoza zonse. Dekilani anafiira nkhope, kufuna kutuluka kukamusaka. Tiwonge anangoti, "Zisiyeni amama. Kuchipatala ndimazimva. Wina amanena zomwezo ndikumusambitsa."

"Ukumusambitsa? Ndi manja amene ndinabereka ine?"

"Ena amandibweretsera maluwa, amama. Anthu ndi osiyana."

Ayi, ayi, ayi. Ndinalowa kuchipinda, ndinatulutsa kabokosi, ndinati Temwa mwana wanga, dothi lino silidya mchombo wako. Ngakhale Disembala achedwe bwanji, afika.

ANola nawo anaimva nkhaniyo. Anavala jasi, anandikweza galimoto pamodzi ndi Tiwonge, mpaka pamunda wina wopanda mbewu, wa chimwala chimodzi pakati. Ati chaka chilichonse dziko limakumbukira njala yaikulu ya makolo awo. Mbatatesi, yomweyi ya kachewere timakazinga tchipisi pa Katowo, inaolera m'nthaka zaka zotsatizana. Pansi pa udzu umene tinaimapo panagona anthu a mudzi wawo, osawerengeka, opanda mabokosi, opanda mayina. Otsala anakwera zombo kukapempha malo m'maiko a eni. Ine njala ndimaidziwa, ndinadyapo zitsa za nthochi ndi gaga wowawa, ndiye ndinavula nsapato pamalopo. ANola anatambasula zala ziwiri: ana awo awiri ali ku Ositireliya mpaka lero, chifukwa kwawoko nyumba zasowa.

Mukuyesa mtima unatsika? Unakwera! Ndinati Tiwonge, uwafunse: anthu amene abale awo adzaza makomo a eni dziko lonse lapansi, ndiwo athamangitse mayi wobereka mwana? Mlendo wa dzulo kutseka chitseko lero? ANola anagwedeza mutu, anati, "Funso limenelo ndimafunsa ine tsiku lililonse." Ndinawakonda mayi amenewo, koma kabokosi sindinakasunthe.

Kenako dzuwa linakana kulowa. Nthawi yogona ikwana, kunja kuli mbee ngati masana, nkhuku zosokonezeka. Mu Julayi dziko linapenga ndi mpira wa ndodo. Anyamata athanzi amathamangitsana ndi zibonga zophwatalala, kampira kake ngati lalanje, kuuluka kosaoneka ndi maso. Boma lililonse ndi timu yake, nyumba iliyonse mbendera, ndipo aMaiko, munthu wamkulu wa zidzukulu, anapaka nkhosa penti ya timu yawo. Anamuveka Temwa kamalaya ka mtundu womwewo, anamukhazika pamwendo kutsogolo kwa kanema, n'kumamufotokozera malamulo, mwana wa miyezi isanu ndi umodzi. Timu yawo inagonja. Bambo uja analira misozi yeniyeni, n'kumapukutira pachipewa cha mwana.

"Tiwonge, uwafunse ngati kwagwa maliro."

"Ati inde amama, ndipo amagwa chaka chilichonse."

Mu Seputembala ananditengera ku mpikisano wolima. Musaseke, ulipodi. Anthu ochuluka ngati nyerere, atsogoleri andale onse ali pomwepo kugwira anthu chanza, matope mpaka m'mawondo. Ena ndi mathirakitala, ena ndi akavalo aakulu ngati njovu. Mizere yake, ana inu, yowongoka ngati aikoka ndi chingwe. Malemu agogo anu ndi ng'ombe zawo ziwiri zija akanavula chipewa. Ndinavina pamatopepo, ndinavina chomene. Kenako ndinafunsa kuti nanga mbewu ili kuti, tidzale chinyezi chikadalipo. Ati ayi, ife tabwera kudzaona mizere basi, apatsana zikho, tizipita. Kulimira chikho! Ndinang'ung'udza njira yonse. AMaiko anati chaka chamawa adzandilembetsa kuti ndikhale woweruza. Tsiku limenelo ankayenda pang'onopang'ono, kupumira pampanda uliwonse, koma tinkayesa ndi matope.

Za Okutobala ndinene mwachidule, zimandipsetsa mtima. Ana a dziko lonse anavala zigoba kumaso, ena ngati mafupa, ena ngati afiti, kuyenda khomo ndi khomo makolo akuwajambula. Ine kwathu ku Dowa, mlongo wanga anamudula mumpingo chifukwa choonerera gule. Kuonerera chabe! Uku azungu anzawo a amene anatiletsawo akugawira zilombo maswiti. Ndinatseka chitseko. Ndinayamba kulongedza chikwama, kabokosi ndinakasokerera mkati mwa mpango.

Novembala ali pakati, aMaiko anagwa m'khola la nkhosa m'mawa, osadzukanso.

Ndinati kalanga ine, maliro a azungu, tikaona anthu asanu ndi galimoto yakuda. Wailesi ya m'deralo inalengeza. Pofika ife masana, mzere wa anthu unayambira pakhomo, kudutsa pageti, kutsika ndi msewu mpaka pamlatho, mvula ikuwakwapula, palibe wothawa. Malemu anagona m'nyumba mwawo momwe, pabalaza, chitseko chili pululu. Amayi a m'mudzi akulowa ndi mbale za chakudya, ena atalanda kale khitchini. Kumanda amuna oyandikana nawo nyumba anali m'dzenje ndi mafosholo awo, osati aganyu ayi, anansi.

Tsono ine ndinachita zakwathu. Munthu sulowa pa siwa ndi maso ouma. Ndili pageti ndinamasula mpango, ndinaika manja kumutu, ndinayamba: "Asewere anga ine! Mwatisiyira yani nkhosa ine! Temwa adzakhala pamwendo pa yani ine!" Ndinalowa nako kulira mpaka pabalaza.

Ana inu, nyumba yonse inati zii. Makapu a tiyi anaima m'malere. Anthu amenewo amalira chamumtima, ngati akuopa kudzutsa malemuyo. Tiwonge anandikoka chitenje, "Amama, chonde, kuno satero, mukutichititsa manyazi." Ndinaona kuti ndalakwa, ndalakwa pamaso pa mudzi wonse wa eni. Ndinafuna nthaka ing'ambike.

Pamenepo aNola, amene chigwere amuna awo anali asanagwetse msozi, akungothira anthu tiyi, anaimirira. Anabwera, anandigwira m'mapewa, n'kutulutsa mfuu umene sindinayembekeze m'thupi laling'ono lija. Tinalira awiri, wina m'chilankhulo chake, wina m'chake. Gogo wina wa ndodo pakona anayamba kuyankhula akupukuta maso. Tiwonge anamasulira, "Akuti agogo awo ankalira maliro chonchi, mokweza, motchula malemu. Akuti anali asanamvenso kuyambira ali mwana."

Ndinafuna kukakhala kukhomo monga mlendo. ANola anakana. Anandikhazika pampando wa abanja, pakati pa iwo ndi Dekilani, Temwa pamwendo panga. Mzere wonse uja unadutsa pa ine, aliyense kundigwira dzanja kundipepesa, ngati wamwalira ndi mlongo wanga. Ndinkangothokoza m'Chitumbuka, yewo, yewo, yewo, mpaka dzanja linachita dzanzi. Aliyense ankawerama kuyang'ana mwana. Bambo wina wokalamba anamugwira khutu, anati, "Awa ndi makutu a Maiko. Mwana uyu ndi wa pakhomo pano, sangasochere." Ndinayang'ana. Analidi makutu a aMaiko, otambalala, wosauka mwana wanga.

M'mawa mwake ananyamula bokosi pamapewa, kulandizana, kudutsa pakati pa tauni. Masitolo anatseka zitseko mpaka tinadutsa.

Ndili kumandako maganizo anandipeza. Mchombo wanga ine uli ku Dowa. Amayi anga analira pamene michombo ya Tiwonge ndi abambo anu tinaikwirira kuno ku Katowo, ati ana athu mwawapereka kwa Atumbuka. Koma ndikadzagwa ine lero, adzathamange ndani? A ku Dowa adzamva mawa. Adzathamanga ndi a pamjigo omwewa, ndi pakamwa pawo pomwepo, nkhuni pamutu. Nanga Temwa akadzagwa chagada pamsewu, akadzadwala, akadzakwatiwa, adzathamange ndani? Inu? Vitumbiko amene sathamanga ngakhale mbuzi ili m'dimba? Ndinalimbana nawo maganizo amenewo masabata awiri. Chala cha bambo wa pa siteji uja chinkandibwererabe m'maso. Koma manja amene anandigwira pa siwa paja ndinalephera kuwawerenga.

Kutatsala masiku atatu kuti ndinyamuke, tinapita kukatsanzika kufamu. Ndinasomola ulusi pampango, ndinaika kabokosi patebulo, ndinatsegula.

"Amama! Mwakhala nacho chaka chonse chinthu chimenechi?"

"Si chinthu. Ndi mwana wako. Masulira, ndipo usachotsepo liwu."

Ndinafotokoza zonse, za mango awa, za khola, za lonjezo langa pamaso pa anthu. Ndinkadikira kuti aNola aseke kapena anyansidwe. Anayang'ana m'kabokosimo nthawi yaitali. Kenako anavala majombo a malemu amuna awo, anatitsogolera kumunda wa kuseri. Pakati pa mundawo pali kamtengo ka minga kokhakokha, kopindika ndi mphepo. Ati kamtengo kotero n'ka mizimu, sadula, thirakitala imakazungulira, ngakhale a boma opanga misewu amakaopa. Ati apa palibe adzakumbe mpaka kalekale.

Ndinapempha khasu. Ana inu, dziko lonse lija, la mpikisano wolima lija, khasu lenileni mulibe! Anandipatsa fosholo. Ndinatema nalo pansi ngati khasu, linandidumphira. ANola anandikankha ndi chigongono, anaponda ndi jombo, dothi linatseguka, lakuda bii, lonunkhira mvula. Ndinagwada. Mchombo ndinauika m'dzenjemo ndi dzanja langa, Temwa akuyang'ana ali m'manja mwa bambo ake, akuyamwa chala.

Ndinati, "Iwe dothi la eni ake, tamvera. Ine NyaBanda wa ku Katowo ndakusungitsa mwana. Umudyetse, umufunditse, akapita kutali umuitane. Koma ndikadzamva kuti wina wamulozanso chala pamsewu kuti apite kwawo, ndidzakwera ndege ndi khasu langa, ndidzafukula, ndidzapita naye."

ANola anafunsa kuti ndati chiyani. Ndinamva Tiwonge akuyankha timawu tiwiri tokha.

"Wawauza chiyani?"

"Ndati mukuthokoza, amama."

"Ndathokoza liti? Masulira zonse, ndi khasu lomwe!"

Anamasulira, nkhope ili pansi. ANola anamvetsera mpaka kumapeto. Anakokera dothi padzenje ndi fosholo, analipondaponda ndi majombo aakulu aja mpaka linalimba, n'kuyankha osatukula mutu.

Tiwonge anaseka, misozi ili m'maso. "Ati musadzavutike ndi khasu, amama. Ati pamene ndege yanu izidzatera, mudzapeza iwo atathana naye kale munthuyo."